Amai Alice Lenshina: mau amene anamva, ndi anthu amene anawazungulira



Mukakwera basi m'tauni yopita ku Chilenje, kudutsa Kabwata ndi Libala, ambiri mumaidziwa nyumba nambala 394, imene a Kenneth Kaunda anakhalamo pa nthawi yomenyera ufulu. Ana a sukulu amapita kukaiona. Koma mu Chilenje momwemo, mu msewu wa Nkunda, munali nyumba ina imene palibe amatengera ana kukaiona. M'menemo ndi momwe munamwalirira Amai Alice Lenshina pa 7 December 1978, ali pa ukaidi wosachoka panyumba. Achinyamata ambiri mu mpingo mwathu dzinali sanalimvepo. Achikulire akalimva amatsitsa mau.

Ndasankha kulemba za iwo chifukwa cha zimene ndimaona pa ofesi ya ba Bishop. Sabata siitha popanda munthu wobwera ndi loto, kapena mau amene wamva pa mapemphero a usiku. Wina wauzidwa kuti asiye nchito. Wina waonetsedwa mlongo woti amukwatire, koma mlongoyo sakudziwa kanthu. Wina akuti mwezi wamawa ayamba utumiki wake ku Chelstone. Ife timakhulupirira kuti Mulungu amalankhula lero monga kale, ndiye musaganize kuti ndabwera kudzathira madzi pa moto wa munthu. Koma m'dziko lathu lino munali mai amene anamva mau, anthu zikwizikwi nkukhulupirira, ndipo patatha zaka 11 chabe anthu mazanamazana anali m'manda. Nkhani yotere sitingaidumphe.

Anabadwa cha m'ma 1920 m'mudzi wa Kasomo, m'boma la Chinsali, ndipo dzina lao linali Mulenga Lubusha. Anali mai wa pamudzi wolankhula Chibemba, wolima ndi kulera ana, wosapita patali ndi sukulu. Mwamuna wao anali a Petros Chintankwa. Pafupi ndi kwao panali mishoni ya Lubwa, ya mpingo wa Church of Scotland, imene inayamba ndi nchito ya a David Kaunda, mphunzitsi ndi mlaliki wotumidwa kuchokera ku Livingstonia ku Nyasaland, atate ao a Kenneth Kaunda. Amai Mulenga anali kupemphera kumeneko, koma anali asanabatizidwe.

Mu September 1953 anadwala kwambiri mpaka kukomoka. Atatsitsimuka anafotokoza kuti anafa, anakomana ndi Yesu, ndipo Iye anawabweza ku dziko ndi nchito: kuitana anthu kuti alape, ataye ufiti, ndi kuwaphunzitsa nyimbo zatsopano.

Manje onani chinthu choyamba chimene anachita, chifukwa ambiri okamba nkhaniyi amachidumpha. Sanamange chisakasa nkulemba dzina la mpingo pa chitseko. Ananyamuka kupita ku Lubwa, kwa m'busa wa pa mishoni, a Fergus Macpherson, nkukawafotokozera zonse. Ndi zimene anachita Samueli ali mwana, pa 1 Samueli 3. Mau atamuitana usiku anathamangira kwa Eli, katatu konse, ndipo anali Eli, nkhalamba ya maso akhungu yokhala ndi zofooka zake, amene anamuthandiza kuzindikira kuti woitanayo ndi Yehova.

A Macpherson nawonso anachita bwino. Sanawathamangitse ngati wodwala mutu, komanso sanaimbe ng'oma kuti mneneri wabadwa. Anawamvetsera, anawalimbikitsa kuti athokoze Mulungu pa moyo umene wawabwezera ndi kumutumikira, nkuwalola kusonkhanitsa anthu a kwao kuti azipemphera. Mu November chaka chomwecho anabatizidwa ku Lubwa, napatsidwa dzina la Alice. Dzina la Lenshina linadza pambuyo pake. Ndi katchulidwe ka Chibemba ka dzina la Regina, kutanthauza mfumukazi.

Funso loti anaonadi Ambuye kapena ai, mwini wake ndi Mulungu. Chimene ife tinapatsidwa ndi muyeso wa pa Mateyu 7, woti mtengo tiuyese ndi zipatso zake. Ndipo kunena zoona, zipatso zoyamba zinali zabwino.

Nyimbo zao zinali za Chibemba chenicheni, pa maimbidwe amene amai anali kuwadziwa kale pa mtondo ndi pa maliro, osati nyimbo za ku Scotland zovekedwa mau a Chibemba. Munthu wosadziwa kuwerenga anali kumva Uthenga m'nyimbo nkuusunga pamtima. Anthu anayamba kuyenda pansi masiku angapo kupita ku Kasomo. Pofika kumeneko anali kutula nyanga, zithumwa ndi mankhwala amene anawabisa zaka zambiri m'denga ndi m'chiuno, mpaka milu. Amishoni analalikira zotsutsa ufiti kwa zaka pafupifupi 50, koma anthu anali kuvomera pa Sande, nyanga ili m'thumba. Mai uyu anawakhulupiritsa kuti Yesu ndi wamphamvu kuposa mfiti ya pamudzi, ndipo anataya. Amene amawerenga Machitidwe 19 akumbukira za ku Efeso, kumene anthu anatentha mabuku ao a matsenga poyera.

Anaphunzitsanso zoletsa mitala, mowa, kuombeza maula ndi kulowa chokolo. Amene munaonapo mai wamasiye, maliro asanazizire, achibale a mwamuna akukambirana kale woti amulowe ndi katundu woti agawane, mumvetsa chifukwa chake amai ambiri anamuona Lenshina ngati yankho la pemphero. Maukwati anakonzeka. Amuna anasiya mowa. Izi zinachitikadi, ndipo amene amakamba za iwo ngati kuti kuyambira tsiku loyamba zonse zinali mdima sakamba chilungamo.

Nanga zinapotoka pati?

Sizinapotoke tsiku limodzi. A Macpherson anachoka ku Lubwa. Amene anatsala anayamba kuona khamu la ku Kasomo ndi diso lina. Panabuka mikangano pa ndalama za chopereka, ndani azisunga ndipo zipite kuti, komanso pa ubatizo, pakuti Amai Lenshina anayamba kubatiza okha anthu obwera kwa iwo. Pofika 1955 chingwe chinaduka. Gululo linakhala mpingo pawokha, wotchedwa Lumpa, liwu la Chibemba lotanthauza chopambana zina zonse. Matchalitchi a Lubwa anatsala mabenchi okhaokha, chimodzimodzi a Akatolika ku Ilondola ndi madera ozungulira. Amishoni ena, poona nkhosa zikutha, anayamba kulalikira kuti mphamvu ya maiyu ndi ya Satana.

Pano ine ndimaona kulakwa mbali zonse ziwiri. Akulu a mpingo anali ndi udindo wa Eli, koma nsanje ndi mantha zinawalanda chipiriro. Paulo pa 1 Atesalonika 5 anaika zinthu ziwiri pamodzi, kuti Mzimu asazimitsidwe ndiponso kuti zonse ziyesedwe. Iwo anagwira chachiwiri nkutaya choyamba. Ife atsogoleri timachita zomwezo mpaka lero: wachinyamata akabwera ndi mphatso yoposa yathu, timayamba kufufuza chiwanda mwa iye. Koma mbali inayi, Amai Lenshina atachoka ku Lubwa anatsala opanda munthu wowayesa. Owazungulira tsopano anali mwamuna wao ndi madikoni, anthu amene ulemu wao, ndi chakudya chao chomwe, zinadalira pa chikhulupiriro choti Lenshina salakwa. Munthu wotere angakuuze bwanji kuti apa amai mwamva molakwa?

Pamene ndinali kuchita diploma, ndime imene inandivutitsa kwambiri inali Agalatiya 2. Paulo anaona Yesu pa njira ya ku Damasiko, palibe angatsutse. Koma patapita zaka 14 anakwera ku Yerusalemu kukaika uthenga wake pamaso pa atsogoleri anzake, kuopa kuti mwina akuthamanga pachabe. Zaka 14 ali mu utumiki, mipingo atabzala kale! M'mutu womwewo akudzudzula Petro maso ndi maso, Petro amene anayenda pamadzi. Ndipo pa 1 Akorinto 14 lamulo la mu mpingo ndi loti aneneri akalankhula, ena aziyesa zimene zanenedwa. Kuyesa mau si mwambo wa tsiku loyamba chabe, ngati katemera wa mwana. Mau amene unamva bwino mu 1953 sakutsimikizira kuti a mu 1963 wamvanso bwino. Nchifukwa chake munthu akabwera ndi loto pa ofesi, ba Bishop asanafunse za lotolo amayamba kufunsa kuti wauzako ndani, ndipo mwa amene wawauzawo alipo amene angathe kumukaniza. Ambiri funso lachiwirili limawakwiyitsa.

Mpingo wa Lumpa unakula mofulumira. Unafika ku Isoka, Kasama, Mpika, ku Lundazi kum'mawa, ku migodi ya ku Copperbelt, mpaka kuno ku Lusaka. Owerengera ena amati mamembala anapitirira 50,000, ena amati anafika 100,000 kapena kuposa. Mu 1958 anatsegula kachisi wamkulu wa njerwa ku Kasomo, womangidwa ndi manja ndi ndalama za anthu wamba, popanda thandizo la kunja. Malowo anawatcha Sione, ndiye kuti Ziyoni.

Poyamba omenyera ufulu ambiri anaukonda mpingowu, poti unali wa anthu akuda okhaokha, wopanda mzungu pamwamba. Koma chipani cha UNIP chitakula, makamaka kuyambira 1962, zinthu zinasintha. Chipani chinafuna kuti munthu aliyense akhale ndi khadi ndipo azipezeka pa misonkhano. A Lumpa anaphunzitsidwa kuti atalikirane ndi ndale, ndipo ena anatentha makhadi ao. Ku Chinsali, kwao kwa a Kaunda, zimenezi zinaoneka ngati kugulitsa dziko. Achinyamata a chipani anatentha matchalitchi a Lumpa ndi kumenya anthu ao. A Lumpa anabwezera. Anthu anafa uku ndi uku. Kumbukirani kuti awa sanali alendo. Anali pachibale, mtundu umodzi, ena mimba imodzi.

Pamenepo a Lumpa anayamba kusamuka m'midzi yao nkumanga midzi yaoyao, popanda chilolezo cha mafumu, nkuizinga ndi malinga a mitengo. Ambiri anakhulupirira kuti mapeto a dziko ali pafupi, ndipo kunja kwa linga kuli adani okhaokha.

Tisawaweruze msanga tili pa sofa ku Woodlands. Anazunzidwadi. Nyumba yako ikatenthedwa usiku, nawenso ungafune linga. Koma mantha ali ndi khalidwe limodzi loipa: amadziwa kulankhula ndi mau ofanana ndi a Mzimu. Amabwera ndi changu, amati chita lero, usafunse munthu, onse akunja akufuna kukupha. Yakobo 3 amafotokoza nzeru yochokera kumwamba kuti ndi yoyera, yamtendere, yofatsa, yomvera bwino. M'kati mwa malinga aja nzeru yotere inasowa pokhala. Munalibenso m'busa wa mpingo wina, munalibe mfumu, munalibe malume wosapemphera nao woti anene kuti ana anga, apa mwapitirira. Onse anali kumva zofanana, ndipo poti onse anamva zofanana, anayesa kuti ndi chitsimikizo.

A Kaunda, amene anakhala nduna yaikulu mu January 1964, anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi ndipo anakomana ndi Amai Lenshina. M'busa Colin Morris nayenso anayesa. Olemba mbiri angapo amanena kuti mai mwiniyo anali wokonzeka kumvana ndi boma, ndipo anapempha anthu ake kuti abwerere ku midzi yao, koma sanamveredwe. Kwa ine apa ndi pomvetsa chisoni kuposa pena paliponse. Mau anali atachoka m'manja mwao. Dzina lao linali kuyenda m'midzi ya kutali kumene iwo sanafikeko, aliyense nkumaonjezapo zake kuti Lenshina wanena, monga uthenga wa pa WhatsApp umene watumizidwa kambirimbiri mpaka mwini wake sangauzindikire. Anthu amene anayamba ndi kumvera Mulungu kudzera mwa iwo anafika poti ngakhale iwo sangawabweze.

Mu July 1964 boma linalamula kuti midzi ya malinga ipasulidwe ndipo anthu abwerere kwao. Sanabwerere. Pa 24 July apolisi awiri anaphedwa pa mudzi wa Chapaula. Boma linalengeza lamulo la nthawi ya ngozi, lija linakhalapo mpaka 1991, nkutumiza asilikali. Pa 30 July analowa ku Sione. Mbali imodzi inali ndi mfuti zamakono, inayo mikondo, nkhwangwa, mauta ndi mfuti zochepa za gogodela. Amene analipo anasimba kuti a Lumpa anali kuthamangira ku mfuti akufuula dzina la Yeriko, ambiri atakhulupirira kuti zipolopolo zisanduka madzi.

Yeriko ali m'Baibulo, pa Yoswa 6, ndipo malinga ake anagwadi. Koma lonjezo lija linapatsidwa kwa Yoswa, pa mzinda uja, pa tsiku lija. Kutenga vesi loona nkulimata pa nkhondo imene Mulungu sanakutume ndi msampha wakale. Pa Mateyu 4 Satana anaimika Yesu pamwamba pa kachisi nkumuuza kuti adziponye pansi, ndipo anatsegula Salimo kuti atsimikize. Vesi linali loona, koma wolitchula anali wabodza, ndipo Ambuye anakana kuyesa Atate ao. M'munda wa Getsemane, pamene Petro anali ndi chifukwa chomveka chosololera lupanga, anauzidwa kuti alibweze m'chimake. Zipolopolo za ku Sione sizinasanduke madzi.

Moto unafalikira kum'mawa. Pa 3 August a Lumpa anaukira boma la Lundazi usiku, ndipo anthu ambiri osalakwa anaphedwa kumeneko ndi m'midzi yozungulira. Tsiku lomwelo mpingo wa Lumpa unaletsedwa. Patangopita masiku ochepa, pa mudzi wa a Lumpa wa Paishuko, anthu a m'midzi yoyandikana anabwezera mwankhanza, napha anthu opitirira 40, amai ndi ana omwe. Inu a ku Lundazi ndi ku Chama, funsani agogo anu; ena akali kukumbukira kugona m'thengo chaka chimenecho. Chiwerengero cha boma chinati anafa anthu pafupifupi 700, ambiri a iwo a Lumpa, koma ofufuza ena amati anapitirira 1,000, osawerengera amene anafa ndi njala ndi matenda pothawa m'nkhalango. Zikwi zambiri anaolokera ku Congo, nakakhala ku Mokambo pafupi ndi Mufulira, ena kwa zaka pafupifupi 30. Nkhondoyi inabuka kutatsala miyezi itatu yokha kuti mbendera ya Zambia ikwere pa 24 October.

Mlandu wa magazi amenewa suli pa munthu mmodzi. Achipani amene anatentha matchalitchi ali ndi gawo lao, asilikali amene anaombera khamu la anthu onyamula nkhwangwa ali ndi lao, madikoni ali ndi lao, ndipo amishoni amene anatseka chitseko mu 1955 ali ndi lao. Amai Lenshina eni ake sanagwire mkondo, ndipo mpaka imfa yao anakana kuti ndiwo anatuma anthu kukamenya nkhondo. Koma anali iwo amene anthu anawakhulupirira kuti amamva kuchokera kumwamba, ndipo kwa zaka 9 panalibe munthu wa kunja kwa gulu lao amene anali ndi mpata wowafunsa kuti amai, ichi mwachimva kwa Ambuye kapena kwa madikoni?

Pa 11 August 1964 anadzipereka ku boma. Pa za nkhondoyi sanaimbidwe mlandu m'khoti ngakhale tsiku limodzi, ndipo ichi nacho ndi chilema pa mbiri ya dziko lathu. Anasungidwa ku Mumbwa, kenako ku Kalabo, kutali ndi kwao. Mu 1967 anathawa, nagwidwanso, napititsidwa ku Mkushi. Mu 1970 boma linalamula kuti kachisi wa ku Kasomo agwetsedwe. Mu December 1975 anawabweretsa kuno ku Lusaka, ku Chilenje, kumene anakhala zaka 3 zomaliza osaloledwa kuchoka. Mai amene anthu anali kuyenda sabata yathunthu kuti akamve nyimbo zake anathera m'kanyumba ka m'komboni, mtunda wochepa chabe kuchokera pa nyumba yakale ya a Kaunda, mwana wa ku Lubwa mnzao.

Otsatira ao alipo mpaka lero, m'mipingo ingapo ya maina osiyanasiyana, ndipo akali kuimba nyimbo zija. Mtembo wao unatengedwa kubwerera ku Kasomo, nuikidwa m'kati mwa bwinja la kachisi wa Sione.